LENDI YA NYUMBA KU BLANTYRE: TIDZIWE TISANANYAMUKE KUMUDZI

Chaka ndi chaka achinyamata a kuno kwa Jenala amapita ku Blantyre ndi ku Limbe kukafuna ntchito. Ambiri amangowerengera malipiro, osakumbukira kuti kutauni pogona mpolipira. Mwezi ukatha, lendi yadya ndalama yomwe akanatumiza kumudzi yogulira feteleza.

Kodi lendi imakwereranji?

Choyamba, anthu akuchuluka kuposa nyumba. Pa kalembera wa 1998 mzinda wa Blantyre unali ndi anthu pafupifupi 502,000, koma pofika 2018 anali atakwana 800,000. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, lili ndi nyumba zochepa poyerekeza ndi ozifuna. Motero ambiri amachita lendi kwa anthu wamba, ndipo mwini nyumba ndiye amatchula mtengo.

Chachiwiri, ndalama yathu yakhala ikugwa. Mu May 2022 Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu November 2023 ndi 44 pa 100. Simenti ndi malata zikakwera, mwini nyumba amabwezera ndalama yake pa lendi.

Chachitatu ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Namondwe wa Freddy, amene anatiliza kuno ku Phalombe mu March 2023, anagwetsanso nyumba zambiri ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche. Mabanja opulumuka anakafuna nyumba komwe ena anali kufunanso kale.

Kutchipa kuli ndi mtengo wake

Nyumba za ku Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe nzodula zedi. Wochokera kumudzi kawirikawiri amafikira ku Ndirande, Bangwe kapena Mbayani, kumene mabanja angapo amagwiritsa ntchito mpopi ndi chimbudzi chimodzi. Kunja kwa mzinda, monga ku Lunzu ndi ku Mpemba, lendi imatsikirapo, koma yotsalayo imathera pa minibasi. Nyumba zina zimatchipa chifukwa zili pamtsetse wa phiri kapena m'mphepete mwa mtsinje. Ife odziwa napolo tisagulitse moyo pofuna kupulumutsa ndalama zochepa.

Tichite chiyani?

1. Tisapereke ndalama kwa munthu wotifunira nyumba tisanaione nyumbayo ndi mwini wake.
2. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu polowa. Tikonzekeretu.
3. Mgwirizano ulembedwe papepala pamaso pa mboni: mtengo, tsiku lolipira, wolipira madzi ndi magetsi, ndi nthawi yodziwitsana lendi isanakwere.
4. Tisunge malisiti onse. Mkangano ukabuka, tipite nawo kwa mfumu ya deralo kapena kubwalo la milandu.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi abale athu a kutauni amatsala ndi zingati akalipira lendi ndi minibasi?
2. Mwana akatsanzika kuti akupita kutauni, makolo timamufunsa kumene akagone?
3. Ena mwa ife tili ndi nyumba za lendi ku Migowi kapena pa boma. Kodi timakweza lendi mwachilungamo?