Nyumba Yosunga Mayina mu Mzinda wa New York

Kummwera kwa chilumba cha Manhattan, pamene panali nsanja ziwiri za World Trade Center zimene zigawenga za al-Qaeda zinaziomba ndi ndege zolanda m'mawa wa pa 11 Seputembala 2001, lero pali maiwe awiri aakulu, lililonse pamalo penipeni pamene nsanja inakhazikika, ndipo madzi amatsika m'makoma ake anayi nakamira m'dzenje lapakati limene diso silifika pansi pake. M'mphepete mwa maiwewo anazokota pamkuwa mayina 2,983, a iwo amene anaphedwa tsikulo ku New York, ku Pentagon ndi kufupi ndi Shanksville, pamodzi ndi asanu ndi mmodzi amene bomba linawapha pamalo omwewo mu Febuluwale 1993.

Wakupha mwauchigawenga amawerenga mitembo, osafunsa kuti uyu ndani. Amene anamanga chikumbutsochi, motsata mapulani a Michael Arad, anafuna kubwezera munthu aliyense dzina lake ndi anzake. N'chifukwa chake mayinawo sanawandandalike motsata zilembo, koma anayamba afunsa kaye abale ofedwa, kotero kuti amene anagwira ntchito muofesi imodzi, amene anakwera ndege imodzi, ndi ozimitsa moto 343 amene analowa m'malawi kukapulumutsa ena, alembedwa moyandikana monga anakhalira ali moyo. Likafika tsiku lobadwa la wina wa iwo, osamalira malowo amaika duwa loyera padzina lake.

Nyumba yosungiramo mbiri, imene inatsegulidwa mu Meyi 2014, ili pansi panthaka, ndipo mlendo amatsikira kumaziko enieni a nsanjazo, kumene amaona khoma limene linatchinga madzi a mtsinje wa Hudson osagwa, makwerero amene anthu mazanamazana anathawirapo, galimoto yozimitsa moto yophwanyika, ndi mzati wachitsulo umene anauchotsa komaliza mu Meyi 2002, utadzala mayina ndi zithunzi. Komabe chimene chimalasa mtima koposa ndi tinthu tating'ono: nsapato zafumbi, magalasi a m'maso, zikwama za m'thumba, ndi mawu otsanzika amene ena anasiyira okondedwa awo pa telefoni imfa ili pakhomo. Kuseri kwa khoma lina, kumene alendo wamba saloledwa, kukusungidwa zotsala za matupi amene eni ake sanadziwikebe kufikira lero.

Potero malowa ndi manda ndithu, ndipo woyendapo ayenera kutsitsa mawu, kuyenda modekha ndi kuwerengako mayina, pakuti mwina amene waima pambali pake wadzalira mwana wake. Akufawo anali ochokera m'mayiko oposa 90, ndipo makolo athu, amene anati maliro n'kulirana, sanaike malire a mtundu kapena chipembedzo pa mwambiwo. Chisoni cha wamasiye wa kutali chiyenera kutikhudza monga cha mnansi, kuti tidane nako kukhetsa mwazi wosalakwa kulikonse kumene kungachitike.