Mtengwa ndi Anzake Pamudzi wa Eni

Ambiri a ife kuno kuchigawo chapakati tidazolowera chikamwini: mwamuna ndiye amakamanga kwao kwa mkazi. Mkaziyo amatsala pakati pa abale ake. Akadwala, amake ali pomwepo. Mlandu ukabuka, amalume ake, eni mbumba, amamuimirira. Koma pa chitengwa, ndiponso kumene amapereka lobola monga ku Mzimba kapena ku Nsanje, mkazi ndiye amasamuka. Zonsezi amazisiya m'mbuyo.

Tsono amadalira yani? Taona kuti kawirikawiri amadalira atengwa anzake, amene adamva kale kuwawa kwa ulendo. Iwowa ndiwo amamuonetsa chitsime ndi chigayo, namunong'oneza zimene apongozi a pamudzipo sakondwa nazo. Akapita kuchidikiro kuchipatala, amasinthana pomutengera nkhuni ndi ufa. Ali m'chikuta, amamutungira madzi. Kwao kukagwa maliro, amasonkha ndalama ya basi, wina n'kumuperekeza. Chipereganyu ndi banki m'khonde zimam'patsa kandalama kakekake kosachita kupempha. Ena amati awa ndi magulu amiseche. Miseche siilephera, inde, koma amene amanena zimenezi sadagonepo ndi mwana wodwala pamudzi wa eni.

Chithandizo chotere chimachepa mphamvu tsiku limene mwamuna wamwalira. Abale a malemu akayamba kutulutsa mipando, njinga ndi malata, atengwa anzake amangoyang'ana pansi, poti nawonso ndi obwera. Apa mpamene tiyenera kudziwa malamulo. Gawo 24 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limati mkazi ali ndi ufulu wokhala ndi katundu, payekha kapena pamodzi ndi ena. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, limasiya katundu wa m'nyumba m'manja mwa wamasiyeyo, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Nkhani yake ingathe kupita kwa DC, kupolisi kapena kubwalo la milandu.

Mayi mmodzi sangayankhe akuluakulu pasiwa. Koma mphakati wonse ungathe kukhala pambali pake, pamodzi ndi ankhoswe ndi amfumu, katundu asanagawidwe. Kodi mu mphakati mwathu atengwa alimo angati? Nanga kwao kwa aliyense tikukudziwa, kuti zitavuta tidziwe kotumiza uthenga?