Mazira otetezedwa ndi mabakiteriya

M'madzi osaya a m'mphepete mwa zilumba za Hawaii mumakhala kanyama kofewa thupi, kamiyendo yambiri, kochepa ngati chala chanu chachikulu. Amakatcha bobtail squid. Kakakazi kakaikira mazira pamiyala, kamangochoka osawalondera. Mazirawo amakhala okha pafupifupi milungu itatu. Nanga amawateteza ndani?

Ndi mabakiteriya. M'ziwalo zake zoberekera muli kathumba kosungira mabakiteriya abwino, ndipo poikira kamawasakaniza m'zonanda zomwe zimakuta dzira lililonse.

M'kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2019, akatswiri a ku University of Connecticut, ku America, anathira mazira ena mankhwala a antibayotiki. Mabakiteriya aja atachepa, chuku cha mtundu wa Fusarium chinakuta mazirawo, ambiri osaswa. Amene sanathiridwe mankhwala anaswa bwinobwino.

Nanunso muli ndi alonda otere. Njira yoberekera ya mayi imatetezedwa ndi mabakiteriya a Lactobacillus, ndipo mwana amalandirako mabakiteriya a mayi ake pobadwa ndi poyamwa. Antibayotiki amapha oipa ndi abwino omwe. N'chifukwa chake amayi ena akamwa mankhwalawa amayamba kuyabwa kumaliseche, ukazi n'kumatuluka woyera ngati chambiko, ndipo ana ena amatsegula m'mimba.

Choncho mwana akadwala chimfine, musathamangire kugula amoxicillin pagolosale. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, omwe samva antibayotiki. Pitani naye kuchipatala akamupime. Akakulemberani mankhwalawa, mum'mwetse monga mwauzidwira, osagawirako mwana wa mnzanu.