Moni Patsogolo, Mtengo wa Usipa Pambuyo

Tapitani padoko m'mamawa, kaya ndi ku Makanjira, ku Malindi, ku Msaka kapena ku Senga Bay, nthawi imene maboti a chilimira akukocheza. Mudzapezapo amai awiri ogula nsomba, aliyense ndi beseni lake, ndalama atamanga pansonga ya chitenje. Woyamba angofika n'kuloza: "Iwe, chigoba bwanji?" Wachiwiri ayamba waima pang'ono, kenaka n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji achimwene? Nanga panyanja mwayenda bwanji usiku uno?"

Tsiku limenelo onse awiri agula pa mtengo umodzi. Koma dikirani mwera uyambe kukuntha mu June ndi July, nsomba zitasowa, ogula atachuluka. Pamenepo mudzaona amene asungiridwa chigoba chomaliza, amene aikiridwa basela, ndi amene aloledwa kutenga pangongole kuti adzalipire akagulitsa. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Kunyanja kuno zilankhulo zimakumana tsiku ndi tsiku. Alipo Ayao, Anyanja, komanso Atonga a ku Nkhata Bay amene akhala akutsika ndi nyanja kutsata nsomba kuyambira kalekale. Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko m'chaka cha 1968, ndipo Chiyao chidadikira mpaka 1996 kuti nkhani ziyambe kuwerengedwa m'chilankhulochi pa wailesi ya MBC. Motero pafupifupi aliyense padoko amamva Chichewa, ndipo malonda amatheka. Koma mlendo amene waphunzira kunena kuti "Ajimwiche uli?" kwa nkhalamba ya Chiyao, kapena "Mwe uli?" kwa msodzi wa Chitonga, amalandiridwa mwina. Angakhale lilime lipotoke, anthu amaseka, ndipo kusekako n'kumene kumayambitsa chinansi.

Taonaninso kapangidwe ka moni wa Chiyao. Ponena kuti "Ali uli?" munthu akulankhula ngati akufunsa za wina amene palibe, chonsecho akufunsa yemweyo amene wakhala naye maso ndi maso. M'Chichewa timateronso: "Adzuka bwanji agogo?" Ndiye kuti tili ndi makwerero atatu, iwe, inu ndi iwo, ndipo mwana woleredwa bwino amadziwa pamene ayenera kuponda. Dzina la munthu wamkulu silitchulidwa lili lokha. Timaikapo "Che" kapena "a" patsogolo, apo ayi timamuitana ndi dzina la mwana wake woyamba, amake uje, abambo ake uje. Mau akuti achimwene ndi achemwali, amene lero amveka dziko lonse, adachokera ku Chiyao komweku.

Ogwira ntchito amene angotumizidwa kumene kumudzi, kaya kusukulu kaya kuchipatala, ambiri amapunthwa pamenepa. Amaitana bambo wa imvi ndi dzina lake ngati akuitana mwana wa sukulu. Bamboyo sakalipa. Amangoti "chabwino," n'kunyamula chipewa chake, koma tsiku la msonkhano wotsatira mpando wake umakhala wopanda munthu.

Pali nkhani zina zimene sitizitchula poyera. Pamaliro sitinena kuti uje wafa, timati watisiya. Mai amene wabereka timati wachira. Ngakhale pokana timafewetsa, "lero zavuta," "tiona." Apa ine ndili ndi kadandaulo pang'ono. "Tiona" wathuyu nthawi zina amasanduka bodza, mnzako n'kumabwera katatu kudzafunsa kanthu kamene udadziwa kale kuti sumpatsa. Kunena kuti, "Pepani achemwali, mwezi uno sinditha, musandidikire," n'kwaulemu ndithu, ndiponso kumamasula munthu kuti akayese kwina.

Koma kumene mau akuphwanya mabanja masiku ano n'kufoni. Mabanja ambiri a ku Mangochi ali ndi wina ku Joni, ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town. M'masiku a Wenela ndi TEBA, ulendo wa kumigodi usanatsekedwe m'chaka cha 1988, anthu ankalemberana makalata. Kalata inkayenda milungu, ndipo theka lake linali moni: kufunsa za moyo, za ana mmodzimmodzi, za apongozi, za mvula ndi zakumunda. Nkhani ya ndalama inkabwera kumapeto, wowerenga mtima utakhala kale pansi.

Lero uthenga wa pa WhatsApp umafika pompopompo, ndipo kawirikawiri umafika wopanda salamu. Mai alemba, "Ndalama zija?" Bambo, amene mwina wagwira ntchito m'shopu kuyambira m'bandakucha, awerenga ngati akulondoleredwa ngongole. Iyenso ayankha, "Zonse zija mwadya kale?" Mau akuti "mwadya" ndi mlandu, chifukwa akumuyesa mkazi wakuba. Akadafunsa kuti, "Ndalama zija zakwanira pati, zatsala ndi ziti?" funso likadakhala lomwelo, koma mkazi akadayankha ndi mndandanda wa feteleza, fizi ndi malata, osati ndi misozi. Ankhoswe amene amaweruza nkhani zotere amadziwa kuti nthawi zambiri ndalama zimapezeka kuti zidayenda bwino, koma mauwo ndiwo avuta kubweza.

Cholembedwa chilibe nkhope, sichimwetulira, ndipo wowerenga amachipatsa liwu lolingana ndi mmene mtima wake uliri tsikulo. N'chifukwa chake nkhani yolemera ndi bwino kuiimbira foni kapena kujambula mau. Komabe wojambula akumbukire kuti kumudzi foni siimveredwa kuchipinda. Imatsegulidwa pakhonde madzulo, mai ali pamphasa akusankha mpunga, ana atazungulira kuti amve liwu la abambo awo, apongozi nawo ali chapafupi pomwepo.