Msana Ukapindika, Nsagwada Nazo Zimalira

Amayi anzanga a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, ambiri a inu mumadzuka m'mawa mutu ukuwawa m'mbali, khosi litauma, ndipo mukamatafuna mumamva kuphweteka pafupi ndi khutu. Musafulumire kunena kuti ndi malungo kapena kuti wina wakulodzani. Nthawi zina gwero lake ndi nsagwada.

Ikani chala kutsogolo kwa khutu, nimutsegule pakamwa. Chimene chikuyendacho ndi mfundo yolumikiza nsagwada ndi chigaza, ndipo minofu yake imagwirizana ndi ya khosi. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Tsono mukakhala tsiku lonse chowerama posankha fodya kapena posenda mtedza, khosi limatopa ndipo nsagwada nazo zimakungika. Chigubu cha malita 20 chimaonjeza makilogalamu 20, ndipo posenza ambirife timaluma mano osadziwa. Nkhawa za m'banja nazonso zimachititsa ena kukukuta mano ali m'tulo. Vutoli limagwira akazi kwambiri kuposa amuna.

Nanga muchite chiyani? Pamene simukudya, milomo ikhale yotseka, koma mano a m'mwamba ndi a m'munsi asakhudzane. Posankha fodya khalani pampando, mudziwongola msana kawirikawiri. Posenza katundu pindani maondo, ikani nkhata, ndipo pemphani mnzanu akusenzeni, pakuti mutu umodzi susenza denga. Lekani kutsegula mabotolo ndi mano. Masiku amene nsagwada zikuwawa, pumulani kudya nzimbe ndi chimanga chokazinga. Madzulo thowani masaya ndi khosi ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, kenaka sisitani pang'onopang'ono ndi nsonga za zala.

Ululu ukapitirira, pitani kuchipatala chapafupi, monga cha Kabudula kapena cha St Gabriel's ku Namitete, chimene chinakhazikitsidwa m'chaka cha 1959. Akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku Kamuzu Central, kumene kuli madokotala a mano ndi akatswiri a mafizo. Akatswiriwa amatikita minofu ndi manja, nayendetsa mfundo mosamala, komanso amaphunzitsa masewera ochita kunyumba. Zimenezi zimachepetsa ululu ndi kuthandiza pakamwa kutseguka bwino, koma sizichiza dzino lobooka. Musalole munthu wosaphunzira ntchitoyi kukupotozani khosi kapena kukutemerani mphini.

Pomaliza, sungani chenjezo ili. Nsagwada zikauma patapita masiku mutavulala ndi msomali kapena khasu, angakhale kafumbata. Tsaya likatupa thupi n'kutentha, mwina dzino lachita mafinya. Ululu wa nsagwada ukadza pamodzi ndi kupweteka kwa pachifuwa ndi thukuta, ungakhale mtima. Pamenepo musathowe, musasisite, thamangirani kuchipatala msanga. Mukakumana kumsonkhano wa amayi sabata ino, kambiranani zimenezi, kuti ndi amene sawerenga omwe amve.