Matayala akuluakulu pa galimoto za 4x4 amafuna kuti magiya a mu difu asinthidwenso

LUSAKA – Mvula ikayamba mu November, njira zambiri za m'makomboni a Kanyama, Chawama ndi George zimadzaza madzi ndi matope mpaka cha mu April. Ngakhale kuti ntchito yokonza misewu ya L400, yomwe inayamba mu 2013, inaika phula pa misewu ina ya mu mzindawu, njira zambiri za m'kati mwa makomboni zikadali za dothi ndi maenje.

Pa chifukwa chimenechi, eni ake ena a galimoto monga Toyota Hilux ndi Land Cruiser amachotsa matayala omwe galimoto inabwera nawo ndi kuikapo akuluakulu, kuti pansi pa galimoto pasamagunde miyala. Koma pakapita masiku, ambiri amadabwa kuona kuti galimoto yayamba ulesi ponyamuka, ikulephera kukwera zitunda itasenza katundu, ndiponso clutch ikutha msanga.

Vutoli silichokera mu injini. Tayala lalikulu limayenda mtunda wautali likazungulira kamodzi, choncho limafuna mphamvu yochuluka kuti lizungulire. Galimoto imakhala ngati ikunyamuka ndi giya yapamwamba nthawi zonse.

Mwachitsanzo, tayala lolembedwa 265/70R16 ndi lalitali mamilimita pafupifupi 777, pamene la 285/75R16 ndi la mamilimita pafupifupi 834. Galimoto imakwera ndi theka chabe la kusiyanaku, komwe ndi masentimita osakwana atatu. Koma mphamvu yokokera yofika pansi imachepa ndi pafupifupi 7 peresenti pa giya iliyonse.

Wotchi yoonetsa liwiro nayonso imayamba kunama. Ngati kale inkaonetsa zoona, tsopano ikaloza 100, galimoto imakhala ikuthamanga makilomita 107 pa ola. Woyendetsa atha kupezeka ndi mlandu kwa apolisi apamsewu kapena a bungwe la RTSA asakudziwa kuti wapyola malire. Matayala aakulu ndi olemera amachititsanso kuti mabuleki atenge mtunda wautaliko asanaimitse galimoto, zomwe n'zoopsa m'njira zopapatiza momwe ana amasewera.

Njira yobwezera mphamvu yotayikayo ndi kusintha magiya awiri a mu difu, omwe amakanika amawatchula kuti crown wheel ndi pinion. Pinion ndi giya yaing'ono yozunguzidwa ndi propshaft, ndipo crown wheel ndi yaikulu yomwe imapereka mphamvu ku matayala. Ngati crown wheel ili ndi mano 41 ndipo pinion ili ndi mano 10, difu imeneyo imatchedwa ya 4.10, kutanthauza kuti propshaft imazungulira kanayi ndi pang'ono kuti tayala lizungulire kamodzi.

Pofuna kudziwa magiya oyenera, makanika amachulukitsa nambala ya difu yakale ndi kutalika kwa tayala latsopano, kenaka n'kugawa ndi kutalika kwa tayala lakale. Pa chitsanzo chapamwambachi, 4.10 kuchulukitsa ndi 834 n'kugawa ndi 777, yankho ndi 4.40.

Popeza magiya amapangidwa m'miyeso yowerengeka, monga 4.30, 4.56 ndi 4.88, mwini galimoto amasankha omwe ayandikira yankholo. Yemwe amayenda maulendo aatali pa phula, monga mu msewu wa Great East wopita ku Chipata, angakonde 4.30 kuti injini isamalire kwambiri. Yemwe amasenza simenti, madzi kapena matumba a chimanga m'njira za matope angapindule ndi 4.56, ngakhale kuti pa liwiro lalikulu injini imazungulira mofulumirapo ndi kumwa mafuta ochulukirapo.

Chofunika koposa n'chakuti galimoto ya 4x4 ili ndi madifu awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, ndipo onse ayenera kukhala ndi nambala yofanana. Munthu akasintha wakumbuyo yekha pofuna kupulumutsa ndalama, tsiku lomwe adzalowetse 4x4 matayala akutsogolo ndi akumbuyo adzafuna kuyenda pa liwiro losiyana. Kukanganaku kutha kuthyola mano a magiya kapena kuwononga transfer case, ndipo ndalama zokonzera zimaposa zomwe anafuna kusunga.

Ngozi yomweyi imagwera ogula difu yakale yochotsedwa pa galimoto ina. Madifu ofanana maonekedwe atha kukhala ndi manambala osiyana m'kati. N'chifukwa chake wogula ayenera kuwerenga mano a magiya onse awiri asanalipire.

Kumanga magiyawa ndi ntchito yofuna luso ndi zida zoyezera. Mpata wa pakati pa mano a pinion ndi crown wheel ndi kachigawo kakang'ono ka milimita imodzi, ndipo suyezedwa ndi maso. Makanika wodziwa amapaka utoto wapadera pa mano kuti aone pomwe akukhudzana. Difu yomangidwa molakwika imalira, imatentha, ndipo siikhalitsa. Magiya atsopano amafuna kuyendetsedwa mofatsa, popanda katundu wolemera, kwa makilomita pafupifupi 800, kenaka oyilo wa mu difu asinthidwe.

Okhala m'madera osefukira madzi ayeneranso kudziwa kuti tayala lalikulu siliteteza difu ku madzi. Difu yotentha ikamira m'chithaphwi, imatha kukoka madzi kudzera pa kabowo kake kopumira. Oyilo akaoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowa, ndipo ayenera kuchotsedwa msanga.

Motero mtengo weniweni wa matayala akuluakulu si wa matayala okha ayi, koma ukuphatikizapo magiya a madifu awiri ndi malipiro a makanika. Kwa yemwe alibe ndalama zonsezi, matayala a muyeso wakale koma a mapazi ogwira bwino m'matope ndiwo angamuthandize popanda kufooketsa galimoto yake.