Gawo la Mkazi pa Chuma Chamasiye m'Chisilamu

Nkhani ya ufulu wa amayi m'Chisilamu ikabuka, ambiri amathamangira pa lamulo loti mwana wamwamuna amalandira magawo awiri pamene mlongo wake walandira limodzi, ndipo mkangano umathera pomwepo ngati kuti palibenso china. Komatu malamulo a chuma chamasiye, amene akatswiri amawatcha faraid, kutanthauza magawo oikika amene munthu sangawasinthe mwa kufuna kwake, ndi otambalala kuposa pamenepo, ndipo maziko ake ali m'ndime 11, 12 ndi 176 za Surat an-Nisa, mutu wachinayi wa Kurani, umene dzina lake limatanthauza akazi.

Mabuku a hadisi, amene amasunga zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad, amalumikiza malamulowa ndi nkhondo ya Uhud ya m'chaka cha 625, kumene Sa'd ibn al-Rabi anaphedwa nasiya mkazi ndi ana aakazi awiri. M'bale wa malemuyo anatenga chuma chonse, monga mwa mwambo wa Aluya wa nthawi imeneyo, umene unkasungira cholowa amuna otha kugwira nkhondo, ndipo mayi wamasiyeyo atakadandaula kwa Mtumiki, chigamulo chinali chakuti anawo alandire magawo awiri mwa atatu, mayiyo gawo limodzi mwa 8, ndipo m'baleyo atenge chotsala. Chikhala kuti malemuyo anasiya ngamila 24, ana akanatenga 16, mayi wawo 3, ndipo mwamuna amene anakokera zonse kwake akanatsala ndi 5 zokha.

Ngakhale lamulo la theka lija silikhudza akazi onse, pakuti munthu akamwalira atasiya ana aamuna, mayi ake ndi bambo ake amalandira mofanana, aliyense gawo limodzi mwa 6, ndipo abale a mayi mmodzi koma abambo osiyana amagawana mosayang'ana kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi. Kumene kusiyana kulipo, akatswiri amakufotokoza potchula nafaqa, umene ndi udindo wa mwamuna wodyetsa, kuveka ndi kupezera pokhala banja lake, komanso mahari, chuma chimene mwamuna amapereka pa nikah, mwambo womanga ukwati. Mahari amasiyana ndi malowolo chifukwa sapita kwa makolo kapena amalume, koma amakhala a mkaziyo, ndipo mwamuna alibe mphamvu pa iwo kapena pa chuma china chimene mkaziyo wapeza. Ufulu wotere akazi okwatiwa a ku England anaupeza mokwanira m'chaka cha 1882.

Kufotokoza kumeneku kumamveka bwino pamene mwamuna akusenzadi udindo wake, koma kumavuta m'nyumba zimene mkazi ndiye amagula ufa ndi kulipira sukulu, mlongo wake wolandira magawo awiri osaonekera n'komwe. Ndi chifukwa chake ku Tunisia, m'chaka cha 2018, Pulezidenti Beji Caid Essebsi anakankha lamulo lofananitsa magawo, limene nduna zinavomereza koma nyumba ya malamulo sinalikhazikitse, iye n'kumwalira mu 2019 nkhaniyo ili m'malere.

Pakati pa Ayao a ku Mangochi ndi Machinga nkhaniyi imakumana ndi mwambo wa mbumba, umene umatsata mtundu kuchikazi, mwamuna n'kukakhala chikamwini kwa mkazi wake, ndipo munda umayenda kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, pamene faraid ikanapatsa mwana wamwamuna gawo lalikulu. Asilamu a mtundu wa Minangkabau ku Sumatra, amenenso amatsata kuchikazi, anathetsa mkangano wotere posiyanitsa chuma cha makolo, chimene chimayenda mwa mwambo, ndi chimene munthu wapeza ndi thukuta lake, chimene chimagawidwa mwa Chisilamu.

Chimene chimapweteka amayi ambiri, Asilamu ndi ena omwe, si kuchepa kwa gawo koma kulandidwa zonse maliro asanazizire, achibale a mwamuna atanyamula ndi mbale zomwe, monga anachitira m'bale wa Sa'd uja. Ku Malawi khalidweli ndi mlandu pansi pa lamulo la chuma chamasiye la 2011, ndipo m'malamulo a Chisilamu, Msilamu wolemba wilo, imene imatchedwa wasiya, amaloledwa kugawa mwa kufuna kwake gawo limodzi lokha mwa atatu, kuti otsalawo afike kwa eni ake oikika, mkazi wamasiye ndi ana aakazi ali momwemo.